Kupungula katundu m'nyumba ndi kutseka mipata yotulukira ndalama mu Blantyre

Aliyense amene adasamukapo nyumba ya lendi mu Blantyre, kaya kuchoka ku Zingwangwa kupita ku Chilomoni kapena kuchoka ku Bangwe kupita ku Machinjiri, amadziwa kuti tsiku losamuka ndi limene limaulula zonse zimene nyumba yakhala ikubisa. Mwini lole akafika n'kuona mulu umene uli pakhonde, mtengo umene mudagwirizana pafoni umasintha nthawi yomweyo, chifukwa katundu amene mumati akwana ulendo umodzi akufuna maulendo awiri. Mukayang'anitsitsa zimene zakulitsa muluwo, mupeza wailesi imene idasiya kulankhula kalekale, mapoto obooka, matiresi amene palibe amagonapo, nsapato za ana amene pano ali ku sekondale, ndi makatoni amene sadatsegulidwepo chisamukire ulendo wapitawo. Zinthu zonsezi mwakhala mukuzilipirira lendi mwezi ndi mwezi, ndipo tsopano mukuzilipiriranso lole.

Ambiri a ife sitiunjika katundu chifukwa cha kulemera, koma chifukwa cha mantha, ndipo manthawo si opanda pake. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho munthu amene amati "chisiyeni, chidzagwira ntchito tsiku lina" akudziwa kuti chimene wataya lero sadzachigulanso pa mtengo wa dzulo. N'chifukwa chake sindikukuuzani kuti mutaye chilichonse chimene simunachigwire sabata ino. Zigubu za madzi zimene zili kuseri kwa chitseko si zinyalala, pakuti madzi ambiri a mumzinda uno amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pamtsinje wa Shire n'kukwezedwa chitunda chachitali, ndipo magetsi akavuta kapena paipi ikaphulika, mipopi imauma. Tochi, mbaula yapadera ndi matumba a chimanga nazonso ndi nkhokwe. Ntchito yonse yagona pa kusiyanitsa nkhokwe ndi dzala, ndipo amene waphunzira kusiyanitsa ziwirizi m'chipinda mwake savutika kuzisiyanitsanso pamsika ndalama zisanatuluke m'thumba.

Kukonzekera

Musanagwire tsache, khalani pansi ndi a m'nyumba mwanu n'kugwirizana chimodzi. Mkangano waukulu pa ntchito imeneyi umayamba pamene mayi ataya jekete lakale la bambo, kapena bambo agulitsa mphika umene mayi adalandira kwa mayi awo pa chinkhoswe. Pangano likhale lakuti aliyense ayambe ndi katundu wake, ndipo wa mnzake asamukhudze mwiniwake palibe. Ana amene afika msinkhu wa kusukulu asankhe okha zidole ndi makope awo, inu mukuyang'anira. Ngati pali wina amene sakufuna, musamukakamize. Yambani ndi mbali yanu, chifukwa malo amene apezeka amakopa munthu kuposa mawu.

Nyengo yabwino yochitira zimenezi ndi kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chiperoni chimabweretsa mawawa ndi chinyontho, moti zimene mwatulutsa panja zimalowanso m'nyumba zitanyowa, pamene kuyambira Novembala mvula ikhoza kukupezani katundu yense ali pabwalo. Dzuwa la Sepitembala limaumitsa mabulangete ndi matiresi, limachotsa fungo la chuku, ndiponso ndi mwezi umene sukulu zimatsegulira chaka chatsopano, choncho yunifolomu ndi mabuku amene mwana wanu wawasiya amapeza wowafuna msanga. Musayese kumaliza nyumba yonse tsiku limodzi. Sankhani malo amodzi Loweruka lililonse m'mawa, monga pansi pa bedi, pamwamba pa wodilopu kapena kabati ya kukhitchini, ndipo musapite kwina malowo asanathe.

Kusankha

Yalani mkeka pakhonde kapena pabwalo, n'kutulutsa zonse za pamalo amene mwasankhawo osasiyako kanthu, kenako sesani ndi kukolopa malowo adakali opanda kanthu. Mukatero gwirani chinthu chimodzichimodzi n'kuchiika pa umodzi wa milu inayi: zobwerera m'nyumba, zogulitsa, zopereka, ndi zotaya. Funso lothandiza kusankha ndi lakuti, kodi chinthu ichi ndachigwiritsa ntchito m'chaka chathunthu chapitachi? Chaka chathunthu n'chofunika chifukwa chimadutsa nyengo zonse zitatu, ya mvula, yozizira ndi yotentha, moti juzi, ambulera ndi nsapato za m'matope zimakhala zitapeza mpata wodzionetsa. Chimene chadutsa nyengo zitatuzi osagwiridwa, ndipo si chikalata kapena chida cha pangozi, chilibe chifukwa chobwereranso m'nyumba. Zimene zakuvutani kwambiri kusankha, ziikeni m'katoni imodzi yokha, muitseke n'kulembapo tsiku. Za katoni imeneyi ndinena kumapeto.

Zovala ndi zimene zimadzaza nyumba zambiri, ndipo gwero lake timalidziwa tonse. Belo la kaunjika likatsegulidwa ku Limbe kapena ku Ndirande, munthu amagula malaya atatu chifukwa atchipa, osati chifukwa amawafuna, ndipo awiri mwa iwo amakhala osamukwana bwino. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Yesani chovala chilichonse pathupi lero lomwe, musadalire mmene chinkakukwanirani zaka zitatu zapitazo, ndipo chimene mukusungira kuti mudzavale mukadzachepa thupi chipatseni munthu amene chikumukwana pano. Zong'ambika zimene mumazikondabe zipite kwa telala sabata yomweyo. Zikapanda kupita, ndiye kuti simumazikonda monga mumaganizira, ndipo zisanduke zokolopera.

Nsalu za zochitika n'zofunika kuzinena pazokha. Ukwati uliwonse, chinkhoswe, msonkhano wa kumpingo ndi mwambo wa kuntchito masiku ano zimabwera ndi chitenje chake, ndipo mayi wa mu Blantyre akhoza kukhala ndi sutikesi yodzaza madiresi amene adavalidwa tsiku limodzi lokha. Chitenje chosasoka sichivuta, chifukwa chimabereka mwana, chimavalidwa pamaliro ndipo chimakhala mphatso yolemekezeka kwa apongozi. Vuto lili pa zosokedwa. Sankhanipo ziwiri kapena zitatu zimene mungavale ku tchalitchi kapena ku ukwati wina, zotsalazo telala akhoza kuzisandutsa zovala za ana, zikwama zogulira zinthu kumsika kapena mapilo. Ndipo mtsogolomu, mukaona kuti simungachitire mwina koma kugula nsalu ya mwambo, isoketseni mosavuta kuti idzavalikenso masiku wamba.

Kukhitchini ndi pabalaza pali kabati ya magalasi imene imasunga mbale za alendo, ndipo kunena zoona, alendo amene mbalezo zikuwadikira sabwera kawirikawiri. Banja limamwera tiyi m'makapu othyoka zogwirira pamene makapu abwino khumi ndi awiri, mphatso za paukwati, akutola fumbi. Langizo langa n'lakuti mutulutse zabwinozo muzidyeramo, ndipo zong'aluka ndi zobooka zichoke. Werengani anthu a m'nyumba mwanu, muonjezerepo alendo amene amabwera nthawi zonse, n'kusunga mbale zokwana anthu amenewo; pakagwa mwambo waukulu, mbale ndi mapoto aakulu amabwerekedwa kwa anansi kapena kumpingo monga zakhala zikuchitikira kuyambira kale. Mabotolo a mafuta ophikira, zitini za majarini ndi majumbo zimachulukana mwakachetechete. Sungani zochepa zimene zili ndi zivundikiro zake, zotsalazo perekani kwa amayi ogulitsa thobwa kapena mafuta oyeza, amene amazifuna tsiku ndi tsiku.

Zipangizo zamagetsi zakufa ndi zimene zimatinamiza kwambiri, chifukwa tidazigula modula ndipo mtima umakana kuvomereza kuti zidatha. Ine ndidasunga firiji yakufa kwa zaka zinayi m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndikumauza aliyense kuti yangotsala kuthira gasi, mpaka mkati mwake mudasanduka mosungira nyuzipepala ndi mobisalamo mphemvu. Nditaitana wokonza, adandiuza kuti injini yake idapsa, ndipo mtengo wokonzera udali pafupi ndi wa firiji ina yogwiritsidwapo kale ntchito. Choncho dzipatseni milungu iwiri yokha: tengerani chipangizocho kwa wokonza, mumve mtengo, ndipo ngati mtengowo wapitirira theka la mtengo wa china chogwira ntchito, mugulitseni yemweyo kuti achotsemo zida. Foni yakale musanaipereke, chotsanimo simu ndi memori khadi, ndipo ngati ikuyaka, fufutani zonse zimene zili m'menemo.

Mapepala ndiwo ofunika kudekha nawo. Makope akale, manyuzipepala ndi malisiti a zinthu zimene zidatha kale akhoza kuchoka, koma ziphaso za unzika, zikalata za kubadwa kwa ana, timabuku ta kuchipatala, masatifiketi a MANEB ndi a kukoleji, mtchatho wa ukwati, mapepala a malo, pangano la nyumba ndi malisiti a lendi ziyenera kukhala pamodzi m'chikwama chosalowa madzi, pamalo okwera amene wamkulu aliyense m'nyumbamo akuwadziwa. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche mu Malichi 2023, mabanja ambiri a ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo amene adapulumuka adatsala opanda chikalata chilichonse. Jambulaninso zikalatazi pafoni n'kutumiza zithunzizo kwa m'bale wodalirika amene amakhala kwina.

Katundu wa eni ndi wa malemu

Pali katundu wina amene si wanu, ndipo ameneyu ndi amene amavuta koposa. Nyumba ya m'tauni imakhala ngati siteshoni ya banja lonse: mphwanu adasiya bedi ndi makatoni popita ku Johannesburg, mlamu wanu adasungitsa makina osokera ponena kuti abwera mwezi wamawa, ndipo mwana wa achemwali anu adasiya tiranki atamaliza maphunziro. Musagulitse kapena kutaya katundu wotere mwiniwake asakudziwa, chifukwa udani umene ungabadwe pamenepo ndi wolemera kuposa bedilo. Muimbireni foni mwaulemu, mumuuze kuti malo achepa, ndipo mugwirizane chimodzi mwa zitatu izi: adzatenge pofika mwezi wakuti, mumutumizire kumudzi iye atalipira mayendedwe, kapena mumugulitsire n'kumutumizira ndalama zake. Mukagwirizana, mulembereni uthenga wobwereza zimene mwapangana, kuti mawa pasadzakhale zoti sindidanene choncho.

Katundu wa malemu ali ndi mwambo wake ndiponso lamulo lake. Ngati zovala ndi ziwiya za malemu sizidagawidwe, si udindo wa munthu mmodzi kuzichotsa. Itanani akuluakulu a mbali zonse ziwiri kuti mwambowo uchitike, ndipo kumbukirani kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Ngati zidagawidwa kale ndipo gawo lanu lili m'sutikesi imene simuitsegula, sankhanimo chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene zimakukumbutsani munthuyo, monga chitenje, Baibulo kapena wotchi, n'kuziika poonekera. Zotsalazo apatseni achibale amene angazivale. Pano musathamange, ngati mtima sunakonzeke, dumphani gawo limeneli mudzabwerereko chaka chamawa.

Kuchotsa zimene mwapatula

Milu ya zogulitsa, zopereka ndi zotaya ichoke pakhomo sabata yomweyo, chifukwa ikagona masiku ambiri, zinthu zimayamba kubwerera m'nyumba chimodzichimodzi. Pogulitsa, jambulani chinthucho masana pamalo owala, nenani chilema chake poyera, ndipo ikani mtengo umene inuyo mungalipire pa chinthu chakale, osati umene mudagulira. Magulu a WhatsApp a kuntchito, a kumpingo ndi a m'dera lanu amagulitsa msanga kuposa Facebook chifukwa ogulawo amakudziwani. Munthu wachilendo musamuitanire kunyumba. Kumanani naye pamalo a anthu ambiri, ndipo ngati akulipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, tsimikizani kuti ndalamazo zalowadi poyang'ana zimene zili mu akaunti yanu, osangokhulupirira uthenga umene wafika, chifukwa mauthenga onama alipo. Musagulitse pa ngongole, ngakhale kwa mnansi. Zitsulo zakutha, mapoto obooka ndi mabatire a galimoto ali ndi ogula awo amene amayeza pa sikelo.

Popereka, perekani chinthu chochapa ndi chathunthu. Kupatsa munthu nsanza n'kumusandutsa dzala lanu, ndipo kutumiza zakutha kumudzi pongofuna kuti zichoke pamaso panu si chifundo ayi. Zotaya nazo zili ndi njira yake. Musaziponye mu ngalande kapena mumtsinje wa Mudi, chifukwa ngalande zotsekeka ndi zimene zimabweza madzi m'nyumba za anthu mvula ikagwa; zipite kumalo amene khonsolo ya mzinda kapena otolera zinyalala a m'dera lanu amatengerako, kuti zikathere ku dzala lalikulu la mzinda ku Mzedi. Mapulasitiki ndi matayala musawotche, utsi wake ndi woipa m'chifuwa, komanso musawasiye kuseri kwa nyumba, pakuti tayala kapena chitini chikasunga madzi a mvula chimasanduka moswera udzudzu. Mankhwala amene adapitirira tsiku lake musapatse munthu wina. Funsani ku famase kapena kuchipatala za katayidwe kake. Makoko ndi zotsalira za masamba zipite m'dzenje la manyowa ngati muli ndi kamunda ka ndiwo.

Ndalama zimene mwapeza pogulitsa musagulire katundu wina. Zibweze ngongole, kapena zikhale chiyambi cha ndalama za padera zodikira matenda ndi maliro.

Kutseka mipata

Mulu wa zopereka ndi zotaya uja ndi umboni wa kumene ndalama zanu zidapita, ndipo musanauchotse ndi bwino kuuyang'ana n'kudzifunsa kuti chilichonse mudachigula tsiku lotani, muli ndi yani, ndiponso chifukwa chiyani. Ambiri adzapeza kuti zidagulidwa m'masiku atatu oyamba malipiro atangolowa. Tsopano gulani kope laling'ono n'kulembamo ndalama iliyonse yotuluka kwa mwezi wathunthu, ngakhale ya mandasi, ya kabaza, ya jumbo ndi yochotsedwa potapa ndalama kwa ejenti. Mwezi woyambawu musasinthe kalikonse ndipo musadzudzulane, cholinga n'kungoona. Pakutha pa mwezi phatikizani zofanana, ndipo mudzaona kuti lendi ndi fizi, zimene timazidandaula kwambiri, n'zodziwika kale, pamene ndalama zosadziwika kumene zapita zimathera mu tinthu tating'onoting'ono togulidwa tsiku ndi tsiku.

Mwezi wachiwiri, malipiro akangolowa, lipirani kaye zosasunthika: lendi, gawo la fizi, madzi, mayunitsi a magetsi ndi ndalama yosunga, ngakhale ikhale yochepa chotani. Zotsalazo zigaweni m'masabata anayi, ndipo tapani ndalama kamodzi pa sabata m'malo motapa pang'onopang'ono tsiku lililonse, chifukwa ulendo uliwonse wotapa uli ndi mtengo wake. Amene amapeza ndalama za tsiku ndi tsiku pa geni achite chimodzimodzi madzulo aliwonse, kupatula mpamba poyamba, kenako gawo la lendi, zotsalazo n'kukhala za pakhomo.

Pa chakudya, kugula mochuluka kumapulumutsa ndalama pokhapokha ngati chinthucho sichiwonongeka ndipo mumachimaliza. Shuga, mchere, sopo, mafuta ophikira, mpunga ndi nyemba n'zotchipa mukazigula kwa ogulitsa mooda ku Limbe kusiyana ndi kugula timapaketi pa okala, ndipo ngati ndalama sizikukwana katoni yathunthu, gwirizanani mabanja awiri kapena atatu n'kugawana. Chimanga chimatsika mtengo nthawi yokolola, kuyambira Epulo mpaka Juni, n'kukwera kwambiri kuyambira Januwale mpaka Malichi, choncho malo amene mwapeza mutachotsa firiji yakufa ndi makatoni aja ndi oyenera matumba a chimanga. Onetsetsani kuti chauma bwino, chisungeni m'matumba a PICS osalowa mpweya kapena muchithire mankhwala oteteza ku anankafumbwe motsatira malangizo ake, ndipo matumbawo akhale pa matabwa, osagunda pansi kapena khoma. Tomato, masamba ndi nsomba zaziwisi gulani zokwana masiku ochepa, makamaka ngati kwanu magetsi amazimazima. Pitani kumsika mutalemba zofunika, mutadya, mutatenga dengu kapena chikwama chanu. Majumbo opyapyala boma lidawaletsa mu 2015, ndipo kugula jumbo ulendo uliwonse ndi ndalama yotayika kawiri, pogula ndi potaya.

Magetsi amamveka bwino mukadziwa kuti yuniti imodzi ndi mawatsi 1,000 ogwira ntchito kwa ola limodzi. Babu lakale la mawatsi 60 loyaka maola asanu usiku uliwonse limadya mayunitsi 9 pamwezi, pamene babu la LED la mawatsi 9, lowala pafupifupi chimodzimodzi, silifika yuniti imodzi ndi theka. Koma mababu si amene amamaliza mayunitsi. Zimene zimadya kwambiri ndi zonse zotenthetsa, monga giza, hotipuleti, ketulo ndi simbi. Giza muyatse nthawi yochepa musanasambe n'kuizimitsa, sitani zovala za sabata yonse ulendo umodzi, ndipo m'ketulo muzithira madzi okwana makapu amene mukufuna. Pophika, kaya ndi pamagetsi, pagasi kapena pamakala, kuviika nyemba usiku wonse ndi kuvundikira poto kumafupikitsa nthawi yophika, ndipo makala otsala pambaula akhoza kuzimitsidwa n'kudzagwiranso ntchito mawa. Pa madzi, tsekani mipopi yonse usiku, lembani nambala imene ili pa mita, n'kuionanso m'mawa wina asanatunge. Ngati yasuntha, pali podontha, ndipo kawirikawiri pamakhala pa thanki ya chimbudzi kapena paipi ya pansi. Mita ikasuntha ndi kiyubiki mita imodzi, amenewo ndi malita 1,000, kapena kuti zigubu 50 za malita 20.

Foni ili ndi mipata yake itatu. Woyamba ndi kugula bandulo ya tsiku limodzi mobwerezabwereza, pamene kope lanu likhoza kukuonetsani ngati ya sabata kapena ya mwezi ingakutsikireni. Wachiwiri ndi kukongola mayunitsi, kumene kumabwezedwa ndi kena pamwamba. Wachitatu ndi kubetcha pa mpira, kumene ambiri sakuwerengera chifukwa amaponya pang'onopang'ono. Lembani zonse zimene mwaponya ndi zonse zimene mwapata kwa mwezi umodzi, kenako muweruze nokha. Za mayendedwe sindinena zambiri: phatikizani zochita za m'tauni kapena za ku Limbe pa ulendo umodzi, ndipo mtunda umene mungayende wapansi masana musaukwerere kabaza.

Ndalama za chibale ndi za miyambo sizingathetsedwe, ndipo sindikanafuna kuti zithe, chifukwa amene sapita pamaliro a anzake adzadziwa tsiku lake likadzafika. Chimene chingatheke ndi kuziikira malire. Patulani ndalama yodziwika mwezi uliwonse ya zopepesa, maukwati ndi thandizo la kumudzi, ndipo maliro ndi matenda zikhale patsogolo. Ukwati umodzi masiku ano ukhoza kukuitanani kanayi, ku chinkhoswe, ku phwando la mkwatibwi, ku misonkhano ya komiti ndi ku perekaniperekani, ndipo palibe cholakwa kusankhapo chimodzi kapena ziwiri n'kupepesa pa zinazo nthawi idakalipo. Mawu akuti "mwezi uno sindikwanitsa nsalu, koma ku ukwati ndidzafika" amapweteka pakamwa ulendo woyamba wokha. Kwa makolo kumudzi, ndalama yodziwika yofika tsiku lodziwika imawathandiza kukonzekera kuposa yochuluka yobwera mwadzidzidzi, ndipo feteleza ndi mbewu muziyambe kuzisungira mu Juni, osati mu Novembala.

Ngati muli ndi ngongole zingapo, zilembeni zonse pamodzi ndi chiwongoladzanja chake, n'kuyamba kuthana ndi yokwera kwambiri, imene nthawi zambiri imakhala ya katapila. Banki mkhonde ndi yabwino posunga ndalama, koma kukongolako kuti mugule sofa kapena nsalu ya ukwati n'kudzimangirira chiwongoladzanja cha mwezi ndi mwezi pa chinthu chosabala phindu. Kongolani za geni kapena za pangozi zokha.

Kuti nyumba isadzazenso, gwirizanani malamulo awiri osavuta. Loyamba n'lakuti chinthu chilichonse chimene si chakudya kapena mankhwala, ndipo sichidalembedwe pa zofunika za mweziwo, chidikire masiku asanu ndi awiri chisanagulidwe. Wogulitsa adzakuuzani kuti chatsala chimodzi, koma belo lina litsegulidwa sabata yamawa. Lachiwiri n'lakuti chovala, nsapato kapena poto watsopano akalowa, wakale wa mtundu womwewo atuluke tsiku lomwelo. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse khalani pansi kwa theka la ola ndi kope lija, muone mzere umene wakwera, ndipo musankhe malo amodzi a m'nyumba oti muwaunikenso.

Katoni ya zokayikitsa ija ikhale pamalo ouma, yotseka, tsiku lake likuonekera. Mukafuna chinthu chimene chili m'menemo, tsegulani muchitenge, ndipo chimenecho chabwerera m'nyumba mwachilungamo. Ngati mudaitseka mu Sepitembala ndipo Sepitembala wina wafika musanaifune, musaitsegulenso kuti muone zimene zilimo, chifukwa mukatero mudzayambiranso kukayika. Funsani a m'nyumba mwanu ngati wina adaikamo chikalata kapena chithunzi, ndipo akati ayi, inyamuleni Lamulungu m'mawa mukaipereke kwa amene amayendera odwala ndi okalamba kumpingo kwanu.